Maina a Mipikisano ya Liŵiro, Kulumpha ndi Kuponya

Boma la Mchinji lili m'malire a dziko la Malaŵi, kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe. Limachita malire ndi dziko la Zambia ndiponso dziko la Mozambique. Munthu wochoka ku Lilongwe amayenda makilomita pafupifupi 110 kuti afike pa boma, ndipo akapitirira pang'ono amafika pachipata cha Mwami, pamene msewu umaloŵera ku Chipata.

Ana a sukulu za m'boma limeneli, monga anzawo a m'maboma ena, amakonda kupikisana pa liŵiro. Mvula ikatha amatchetcha udzu wa pabwalo la sukulu, nalemba mizere ndi phulusa kapena laimu. Ena amakumba dzenje nathiramo mchenga kuti azilumphiramo. Tsiku la maseŵera likafika, aphunzitsi amaitana opikisana m'Chicheŵa, ndipo mwana aliyense amamva bwinobwino kuti nthaŵi yake yakwana.

Koma mwana wopambana sathera pabwalo la sukulu yake. Amapita kukapikisana ndi ana a sukulu zina, kenaka ndi ana a maboma ena, ndipo mwina tsiku lina angakafike pabwalo lalikulu la Bingu ku Lilongwe, limene linatsegulidwa m'chaka cha 2017. M'mwezi wa Disembala 2022 pabwalo limeneli panasonkhana achinyamata a m'maiko a kummwera kwa Afirika kudzapikisana. Pa misonkhano yotere mapepala a maina amalembedwa m'Chingerezi, ndipo wolengeza pa chimkuzamawu amatchula mpikisano uliwonse ndi dzina lake la Chingerezi. Wopikisana amene sadziŵa dzinalo angathe kukhala phee pamthunzi pamene anzake akundanda pamzere. Akamadzazindikira, mfuti yalira kale, ndipo thukuta lonse limene anakhetsa pokonzekera lapita pachabe. Nchifukwa chake wothamanga ayenera kuphunzitsa makutu ndi lilime lake monga momwe amaphunzitsira miyendo yake.

Dzina la maseŵera onse pamodzi

Maseŵera othamanga, olumpha ndi oponya onse pamodzi amatchedwa "athletics" m'Chingerezi. Limeneli ndilo dzina lozoloŵereka m'Malaŵi, ku Zambia ndi ku Mangalande. Anthu a ku America amakonda kunena kuti "track and field". Munthu wochita maseŵeraŵa ndi "athlete", ndipo mpikisano umodzi uliwonse, monga liŵiro la mamita 100 kapena kuponya nthungo, ndi "event".

Mawu a ku America aja amathandiza kumvetsa mmene bwalo limagaŵidwira. "Track" ndi njira yothamangamo imene imazungulira bwalo. Kuizungulira kamodzi ndi mamita 400, ndipo ulendo umodzi wotere umatchedwa "lap". Njirayi imagaŵidwa ndi mizere yoyera kukhala tinjira, kaŵirikaŵiri tokwana 8, ndipo kanjira kamodzi ndi "lane". "Field" ndi malo a pakati ndi a m'mbali mwa njirayo, pamene olumpha ndi oponya amapikisanirana. Liwu lomweli limatanthauzanso munda, koma pa maseŵera silinena za munda wa mtedza kapena wa chimanga ayi. Motero mipikisano yonse ili m'magulu aŵiri: ya m'njira ndi ya pakati pa bwalo.

Mipikisano ya m'njira

M'Chingerezi mpikisano wa liŵiro umadziŵika ndi mtunda wake. Munthu amangonena kuti "the 100 metres" kapena "the 800 metres", ndipo aliyense amamva kuti akunena za mpikisano. Kaliwu kakuti "the" sikasiyidwa.

Mipikisano ya mtunda waufupi ndi ya mamita 100, 200 ndi 400, ndipo imatchedwa "sprints". Pa mipikisano imeneyi wothamanga aliyense amakhala m'kanjira kake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo amatulutsa mphamvu zake zonse nthaŵi imodzi. M'chaka cha 2009, mumzinda wa Berlin, Usain Bolt wa ku Jamaica anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 okha.

Mipikisano ya mtunda wapakatikati ndi ya mamita 800 ndi 1,500, ndipo dzina lake ndi "middle distance". Wothamanga mamita 800 amazungulira bwalo kaŵiri. Mipikisano ya mtunda wautali, imene imatchedwa "long distance", ndi ya mamita 5,000 ndi 10,000. Kuti munthu amalize mamita 10,000 ayenera kuzungulira bwalo maulendo 25. Apa pamafunika kupirira ndi nzeru, pakuti woyamba ndi liŵiro lonse amatopa msanga, ndipo anzake amampitirira.

Palinso mpikisano wotchedwa "marathon", umene umachitikira mumsewu. Mtunda wake ndi makilomita 42 ndi mamita 195. Kumeneku ndi kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wochoka ku Mchinji kupita ku Lilongwe.

Mipikisano ina ya m'njira ili ndi zotchinga. Pa mpikisano wa "hurdles", wothamanga amalumpha timipanda 10 toikidwa m'kanjira kake. Akazi amathamanga mamita 100, amuna mamita 110, ndipo onse ali ndi mpikisano winanso wa mamita 400. Pa "steeplechase", umene mtunda wake ndi mamita 3,000, othamanga amalumpha mitanda yolemera ndiponso dzenje la madzi.

Mpikisano umene umasangalatsa ana a sukulu koposa ndi wopatsirana kandodo. Dzina lake ndi "relay", ndipo kandodoko ndi "baton". Gulu lililonse limakhala ndi anthu 4, ndipo aliyense amathamanga gawo lake, mamita 100 kapena 400, napereka kandodo kwa mnzake. Gulu la anthu aliŵiro kwambiri lingathe kugonja ngati mmodzi agwetsa kandodo popatsirana.

Mawu a poyambira

Akuluakulu anati liŵiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Kuti onse ayambe pamodzi, woyambitsa mpikisano amalamula ndi mawu odziŵika. Poyamba amanena kuti "On your marks". Apa othamanga amapita pamzere, nagwada bondo limodzi, manja ali pansi kumbuyo kwa mzerewo. Kenaka amanena kuti "Set". Othamanga amanyamula bondo lija, naŵeramira kutsogolo, nakhala osagwedezeka. Pomaliza mfuti imalira, kapena wezulo ngati ndi kusukulu, ndipo onse amaliyatsa liŵiro. Pa mipikisano ya mamita 800 ndi yoposerapo, othamanga amayamba chiimirire, ndipo lamulo limakhala limodzi lokha, loyamba lija.

Wonyamuka mfuti isanalire wachita chimene chimatchedwa "false start". Kuyambira m'chaka cha 2010, pa mipikisano ikuluikulu ya liŵiro, wochita zimenezi amachotsedwa pomwepo, ngakhale akhale katswiri wotchuka. Mawu aŵiri aja ndi ochepa, koma wosawamvetsa angabwerere kwawo osathamanga nkomwe.

Mipikisano yolumpha

Mipikisano yolumpha ilipo 4. Woyamba ndi "long jump", ndiko kulumpha patali. Wopikisana amathamanga, naponda pathabwa, nalumphira m'dzenje la mchenga. Oyeza amayambira pathabwalo mpaka pa chizindikiro cha kufupi kwambiri chimene thupi lake lasiya mumchenga. Wogwera chagada kapena wotsamira manja kumbuyo amadzichepetsera yekha mtunda.

Wachiŵiri ndi "triple jump", ndiko kulumpha katatu motsatizana. Kulumpha koyamba, munthu amatera ndi mwendo womwewo umene wanyamukira, monga amachitira ana poseŵera phada. Kwachiŵiri amatera ndi mwendo winawo, ndipo kwachitatu amagwera mumchenga.

Wachitatu ndi "high jump", ndiko kulumpha m'mwamba pamwamba pa mtanda wopingasa. Mtandawo umakwezedwa pang'onopang'ono, ndipo wolephera katatu motsatizana amatuluka. Wachinayi ndi "pole vault". Apa wolumpha amathamanga ndi ndodo yaitali yopindika, naizika pansi, ndipo ndodoyo imamnyamula kumuwolotsa pamtanda umene uli pamwamba kwambiri.

Mipikisano yoponya

Mipikisano yoponya ilinso 4. "Javelin" ndi nthungo. Ya amuna imalemera magalamu 800, ya akazi magalamu 600. M'chaka cha 2015, mumzinda wa Beijing, Julius Yego wa ku Kenya anaponya nthungo mamita 92.72, nakhala katswiri wa dziko lonse lapansi. Mtunda umenewu ndi pafupifupi kutalika kwa bwalo la mpira wamiyendo.

"Discus" ndi chimbale cholemera makilogalamu 2 kwa amuna ndi kilogalamu 1 kwa akazi. Woponya amazungulira m'kati mwa kabwalo kakang'ono asanachitaye. "Hammer" ndi liwu lotanthauza nyundo, koma choponyedwacho si nyundo ya mmisiri wa matabwa ayi. Ndi mpira wachitsulo womangidwa ku waya wokhala ndi chogwirira.

Wotsiriza ndi "shot put". Apa pali mpira wachitsulo wopanda waya, wolemera makilogalamu 7.26 kwa amuna ndi makilogalamu 4 kwa akazi. Ana amagwiritsa ntchito wopepukirapo. Mpirawu suponyedwa monga mwala. Wopikisana amaugwira ndi dzanja limodzi pafupi ndi khosi, naukankha kuchokera papheŵa.

Zida zonsezi zingathe kuvulaza kapena kupha munthu. Palibe woyenera kudutsa pamalo oponyera, ndipo palibe woyenera kukatola chida woyang'anira asanalole.

Pali opikisana ena amene amachita mipikisano yambiri, ya m'njira ndi ya pakati pa bwalo yomwe, ndipo mapointi awo amaphatikizidwa. "Decathlon" ili ndi mipikisano 10, ndipo "heptathlon" ili ndi mipikisano 7. Yonse iŵiri imatenga masiku aŵiri.

Mneni woyenera

Kudziŵa maina okha sikokwanira. Pofotokoza zimene wopikisana amachita pamafunikanso mneni woyenera, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya. M'Chicheŵa zonsezi ndi maseŵera, choncho mwana amaganiza kuti mneni wake m'Chingerezi ndi "play". Akatero amanena kuti "He plays long jump", ndipo odziŵa chinenerocho amamva kuti chiganizocho nchopotoka. Mneni wa "play" amayenda ndi maseŵera monga mpira wamiyendo ndi mpira wamanja. Sayenda ndi liŵiro, kulumpha kapena kuponya.

Chicheŵa nachonso chimasankha aneni mosamala. Mwana amagenda mbalame, mlenje amalasa nyama, mayi amataya zinyalala, ndipo mlimi amakankha wilibala. Wonena kuti walasa zinyalala angasekedwe. Chingerezi chilinso chimodzimodzi. Mpikisano wa m'njira umayenda ndi mneni "run", monga m'chiganizo chakuti "She runs the 800 metres." Nthungo, chimbale ndi mpira wa waya zimayenda ndi "throw", monga "He throws the javelin." Mpira wachitsulo wokankha uja uli ndi mneni wakewake, ndipo amati "She puts the shot." Za wolumpha amati "He does the high jump." Ndipo pali njira imodzi imene imayenera mpikisano wina uliwonse, ndiyo kunena kuti "competes in", kutanthauza kuti amapikisana nawo pa chakutichakuti. Wokayika angathe kunena kuti "She competes in the long jump and the 200 metres", ndipo sangalakwe.

Chitsanzo chabwino ndi Asimenye Simwaka wa ku Malaŵi, amene anatchuka pa mpira wamiyendo ndi pa liŵiro pomwe. Iye anaseŵerapo m'timu ya mpira ya akazi ya dziko lino, anathamanga mamita 100 pa maseŵera a Olimpiki ku Tokyo m'chaka cha 2021, ndipo m'chaka cha 2022 anafika mu mpikisano womaliza wa mamita 400 pa maseŵera a Commonwealth ku Birmingham. Wofotokoza za iye afunika aneni aŵiri: "She played football" ponena za mpira, ndi "She ran the 400 metres" ponena za liŵiro.

Dzina la wopikisana

M'Chicheŵa, munthu amatchedwa ndi ntchito yake poika "wo" kutsogolo kwa mneni: wothamanga, wolumpha, woponya. Chingerezi chimaika "er" kumapeto kwa liwu. Motero wothamanga ndi "runner", wa mtunda waufupi ndi "sprinter", wolumpha timipanda ndi "hurdler", wolumpha patali ndi "long jumper", ndipo woponya nthungo ndi "javelin thrower". Maina ameneŵa si ongosinthanitsa. Kutchula wothamanga mamita 5,000 kuti ndi "sprinter" kuli ngati kutchula mlimi wa fodya kuti ndi msodzi.

Maiko atatu amene amakumana ku Mchinji onse ali ndi akatswiri oyenera kutchulidwa bwino. Dziko la Malaŵi linapita koyamba ku maseŵera a Olimpiki m'chaka cha 1972, mumzinda wa Munich. M'chaka cha 2004, Catherine Chikwakwa wa ku Malaŵi analandira mendulo ya siliva pa mamita 5,000, pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi umene unachitikira ku Grosseto m'dziko la Italy. Iye anali "long-distance runner". Samuel Matete wa ku Zambia anali "hurdler". Anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi pa mamita 400 a timipanda ku Tokyo m'chaka cha 1991, nalandiranso mendulo ya siliva pa Olimpiki ya ku Atlanta m'chaka cha 1996. Maria Mutola wa ku Mozambique anali "middle-distance runner", ndipo anapambana mendulo ya golide pa mamita 800 ku Sydney m'chaka cha 2000. Onse atatu anali othamanga, koma aliyense anali ndi luso lakelake, ndipo kumpatsa dzina loyenera ndiko kulemekeza zaka zimene anavutikira lusolo.

Kufotokoza zotsatira

Opikisana akachuluka, sangathamange onse nthaŵi imodzi. Amagaŵidwa m'magulu, ndipo mpikisano wa gulu limodzi umatchedwa "heat". Ochita bwino amapita patsogolo mpaka kufika pa mpikisano womaliza, umene ndi "final". Mwana amene wapambana pa "heat" asathamangire kunyumba kukalengeza kuti watenga mphotho, pakuti ntchito yeniyeni ikali kutsogolo.

Zotsatira za othamanga zimaŵerengedwa m'mphindi ndi masekondi, ndipo wa nthaŵi yochepa ndiye wopambana. Za olumpha ndi oponya zimayezedwa m'mamita ndi masentimita, ndipo wa chiŵerengero chachikulu ndiye wopambana. Za wothamanga amati "He ran the 100 metres in 14 seconds." Za wolumpha patali amati "She jumped 4 metres." Wolumpha m'mwamba akadutsa pamtanda osaugwetsa, mneni wake ndi "clear", monga "He cleared 1.30 metres." Munthu akachita bwino kuposa mmene anachitirapo m'mbuyo monse, amati wafika pa "personal best". Akaposa onse a m'dziko lake, akale ndi atsopano omwe, amati waika "national record".

Mwana wa ku Mkanda, ku Kapiri kapena ku Kamwendo amene amathamanga pabwalo lolembedwa ndi phulusa akuchita maseŵera omwewo amene amachitika ku Lilongwe ndi ku maiko akutali. Mtunda wa mamita 100 ndi umodzimodzi kulikonse, ndipo maina a mipikisano sasintha powoloka malire. Mwana woteroyo akafunsidwa ndi mlendo wochokera ku Chipata kapena ndi wolemba maina pabwalo lalikulu, ayenera kuyankha zinthu zitatu momveka: dzina la mpikisano wake, chimene amachita pa mpikisanowo, ndi nthaŵi kapena mtunda umene anafikapo. Wodziŵa zimenezi dzina lake limalembedwa pamalo oyenera, ndipo mpikisano wake ukaitanidwa amaimirira nthaŵi yomweyo.

Matanthauzo a mawu

kundanda: kuima pamzere motsatana
chimkuzamawu: chipangizo chokweza mawu kuti amveke patali
mtanda: mtengo kapena chitsulo choikidwa mopingasa
nthungo: mkondo wautali woponya
katswiri: munthu wodziŵa bwino ntchito yake kuposa ena
mendulo: kachitsulo kaulemu kopatsidwa kwa wopambana

Mafunso

1. Tchulani maiko aŵiri amene amachita malire ndi boma la Mchinji.
2. Kodi nchifukwa chiyani wopikisana ayenera kudziŵa dzina la Chingerezi la mpikisano wake?
3. Kodi wothamanga mamita 800 amazungulira bwalo kangati? Nanga wa mamita 10,000?
4. Fotokozani zimene othamanga amachita akamva lamulo loyamba ndi lachiŵiri poyambira.
5. Tchulani mipikisano 4 yolumpha ndi mipikisano 4 yoponya.
6. Kodi mpira wachitsulo wopanda waya umasiyana bwanji ndi zida zina pa kaponyedwe kake?
7. Kodi chiganizo chakuti "He plays long jump" chalakwika pati? Chikonzeni.
8. Kodi mwambi wakuti "liŵiro la mumchenga nkuyambira limodzi" ukutanthauza chiyani?

Ntchito

Jambulani bwalo la maseŵera m'makope mwanu. Onetsani njira yothamangamo, dzenje la mchenga ndi malo oponyera, ndipo lembani dzina la malo aliwonse m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi. Pansi pake lembani ziganizo zitatu zofotokoza mpikisano umene mumaukonda.